Funsani Dokotala: Mkonono umenewo sunali wa tulo

Funso: Adokotala, ndimakhala ku South Bend, Indiana, ndi mwana wa achemwali anga wa zaka 22. Amagwira ntchito yonyamula katundu ndipo mapilisi a msana amagula kwa anzake. Loweruka ndinam'peza pampando akuliza mkonono, milomo itatuwa, osadzuka ngakhale ndim'gwedeze. Ndinam'thira madzi ozizira n'kumusiya agone, m'mawa anadzuka. Kodi n'kutopa? Ambulansi ndinaopa kuyitana chifukwa mapepala ake sanakonzeke.

Yankho: Mayi, ndikuona kuti chikukusowetsani tulo n'choti mudzawauza chiyani achemwali anu mwanayu akakuferani m'nyumba. Manthawo ndi oyenera. Loweruka anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi.

Mapilisi ambiri ogulitsidwa pamsewu ku America ndi achinyengo. Amawadinda ngati oxycodone kapena Xanax koma m'kati muli mankhwala opha ululu otchedwa fentanyl, omwe mphamvu yake imaposa ya morphine pafupifupi ka 100. Mamiligalamu 2 okha angathe kupha munthu. Mu 2023 bungwe la boma lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo la DEA linapeza kuti mwa mapilisi achinyengo 10 amene linayeza, 7 anali ndi mlingo wakupha. Amawasakaniza mwachisawawa, choncho pilisi la dzulo silifanana ndi la lero.

Tsono nkhani yoti "musiyeni agone, ziphwa zokha" yapha anthu ambiri. Fentanyl amafooketsa mbali ya ubongo imene imalamula kupuma. Munthu amayamba kupuma mwapatalipatali, lilime limagwera kukhosi, ndipo phokoso mumalitcha mkonono lija ndi mpweya ukuvutikira kudutsa. Wotopa amadzuka mukam'tchula dzina. Tikitani fupa la pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mfundo za zala. Akapanda kuyankha, sali m'tulo. Onaninso m'maso: kakuda ka pakati kamachepa ngati nsonga ya singano. Madzi ozizira, khofi kapena mkaka sizichotsa mankhwalawa mu ubongo, ndipo kumwetsa munthu wokomoka kumam'tsamwitsa. Ubongo ukasowa mpweya umayamba kuwonongeka m'mphindi zochepa.

Chofunika m'nyumba mwanu ndi naloxone wopopera m'mphuno, amene ambiri amam'dziwa kuti Narcan, wothetsa mphamvu ya fentanyl m'thupi kwa kanthawi. Kuyambira 2023 amagulitsidwa popanda kalata ya dokotala. Ku Indiana boma limagwira ntchito ndi bungwe la Overdose Lifeline pom'gawa ulere, ndipo makina oyamba om'gawira m'chigawocho anaikidwa mu 2021 pandende ya St. Joseph County komweko ku South Bend. Zikachitikanso, imbani 911, m'gonekeni chagada, lowetsani kansonga m'mphuno imodzi n'kukankha kamodzi. Musayesere kupopera m'mwamba, chifukwa muli mlingo umodzi wokha wa mamiligalamu 4. Ngati sakupuma bwino, pendeketsani mutu cham'mbuyo, tsinani mphuno, muzim'pumira m'kamwa kamodzi pa masekondi 5 alionse. Zikatha mphindi 2 kapena 3 osasintha, poperani wina m'mphuno inayo. Akayamba kupuma m'gonekeni cham'mbali. Naloxone amatha mphamvu pakati pa mphindi 30 ndi 90, ndipo munthu angathe kukomokanso, n'chifukwa chake ambulansi ndi yofunikabe ngakhale atadzuka n'kumakana.

Za mapepala, lamulo la America limakakamiza zipatala za ngozi kuthandiza aliyense amene moyo wake uli pachiswe, kaya ali ndi mapepala ndi inshuwalansi kapena ayi. Musadzadikirenso mpaka kutacha.

Koma Narcan sachiritsa chimene chikum'bwezera ku mapilisi. Sabata ino pitani naye kuchipatala, ndipo akawauze zoona: amamwa angati, kuyambira liti. Msanawo aupime, kuumwera mankhwala a anzake ndi kumene kwam'fikitsa apa. Ngati akamasiya amatuluka thukuta, kutsegula m'mimba ndi kuphwanya m'thupi, ndiye kuti thupi lazolowera. Musam'tsekere m'chipinda kuti asiye mwamphamvu. Wosiya kwa masiku angapo akabwereranso pamlingo wakale ndi amene amafa, poti thupi silikhalanso lopirira. Mankhwala a buprenorphine kapena methadone amachepetsa chibaba, ndipo amachepetsa kwambiri ngozi ya imfa. Ngati simukudziwa kolowera, imbani nambala yaulere ya SAMHSA, nthambi ya boma yothandiza ovutika ndi mankhwala ozunguza bongo, 1-800-662-4357, usana kapena usiku, akuuzani chipatala cha pafupi nanu.