Funsani Amisiri: Njerwa, Mabuloko ndi Makoma Akale

Mwezi uno makalata ambiri akufunsa za njerwa. Tasankhapo anayi, ndipo akuyankha ndi mainjiniya ndi amisiri omanga amene amatithandiza patsamba lino.

Ndikufuna kumanga mashopu atatu a lendi pa puloti yanga. Mmisiri wanga akuti njerwa zowotcha zinaletsedwa. Kodi ndi zoona, kapena akungofuna kundigulitsa mabuloko a mnzake? Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

Bambo, mmisiri wanuyo sakunama. Mu 2018 boma linakhazikitsa malamulo, kudzera mu bungwe la National Construction Industry Council, oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda. Mashopu a lendi ali m'gulu la malonda, choncho lamuloli likukukhudzani.

Chifukwa chake chikuoneka kwa aliyense wodutsa m'mphepete mwa Lilongwe kapena Blantyre: maenje odzaza madzi pomwe anakumba dothi, ndi zitsa za mitengo ikuluikulu, ngakhale ya mango, yomwe inathera mu uvuni. Uvuni wa kumudzi umatayanso moto wambiri. Njerwa za pakati zimapsa mopitirira, za m'mbali zimatuluka zosapsa, ndipo lole ikatsitsa katundu mumapeza mulu wa zibenthu zomwe mwalipira.

Zololedwa ndi mabuloko a simenti, njerwa za dothi losakaniza ndi simenti zotsindira pa makina, zomwe ambiri amazitchula SSB, ndi njerwa zowotchedwa mu uvuni wamakono monga wa VSBK wosalira nkhuni. Poyerekeza mitengo musawerenge njerwa imodziimodzi, werengani khoma la mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'mwamba. Pamenepo pamalowa mabuloko 12 kapena 13 a masentimita 40 ndi 20, kapena ma SSB pafupifupi 33 a masentimita 29 ndi 14 ndi 9. Khoma la mizere iwiri la njerwa zowotcha limadya njerwa zoposa 100, ndipo poti sizilingana kukula, mmisiri amakwirira kusiyanako ndi matope ochindikala komanso pulasitala wambiri. Simenti imene mukuganiza kuti mwaipewa pogula njerwa zotchipa imakupezani pamenepo.

Gulu lathu la achinyamata linabwereka makina oumbira ma SSB. Taumba njerwa zambiri, koma zikugumuka m'makona ndipo mvula itagwa zina zinasungunuka pamwamba. Talakwitsa pati? Mlembi wa gulu, Chirimba, Blantyre

Achimwene, makina kawirikawiri sakhala ndi mlandu. Tiyambire pa dothi, pakuti mavuto ambiri amachokera pamenepo.

Dothi lapamwamba, lakuda, lokhala ndi mizu ndi zinyalala zowola, silimagwirana ndi simenti. Lichotseni lonse mpaka mupeze lapansi, lomwe m'madera ambiri limakhala katondo wofiira. Makande a kudambo asiyeni: amafufuma akanyowa, n'kung'aluka akauma. Kuti mudziwe zomwe zili m'dothi lanu, thirani dothi m'botolo loonekera mkati mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu, onjezani madzi ndi kamchere pang'ono, khutchumulani kwambiri, n'kulikhazika pansi tsiku lathunthu. Mchenga umakhazikika pansi msanga, dothi losalala limabwera pamwamba pake, dongo limamalizira. Mukufuna mchenga wopitirira theka, ngakhale kufika magawo atatu mwa anayi, ndi dongo lapakati pa magawo 10 ndi 20 pa 100. Dongo likachuluka onjezani mchenga. Likasowa, njerwa imaphwasuka mukamaichotsa m'chikombole.

Muyeso wa simenti musaupeze mongoganiza. Khomani kabokosi ka matabwa kotalika masentimita 60, m'lifupi 4, kuya 4. Pakani oyilo mkati, dzazanimo dothi lonyowa, lisiyeni pamthunzi masiku 7. Likauma likankhireni mbali imodzi n'kuyeza mpata wotsala. Mpata ukachepera mamilimita 15, ndowa imodzi ya simenti ikwanira ndowa 18 za dothi. Ukakhala pakati pa 15 ndi 30 thirani ndowa 16, pakati pa 30 ndi 45 ndowa 14, pakati pa 45 ndi 60 ndowa 12. Ukapitirira apo dothilo lili ndi dongo lochuluka, ndipo likufuna mchenga kapena laimu m'malo mwa simenti. Pa miyeso imeneyi thumba la simenti la makilogalamu 50 limatulutsa njerwa pakati pa 90 ndi 120. Ngati inu munkatulutsa 200, vuto lanu ndi lomwelo. Yezani ndi ndowa yosalaza pamwamba, osati fosholo, chifukwa fosholo ya m'mawa ndi ya madzulo sizilingana.

Dothi liume, liphwanyidwe, lidutse pa sefa ya mabowo a mamilimita 5 kapena 6. Sakanizani ndi simenti zili zouma mpaka mtundu ukhale umodzi, kenako muwaze madzi pang'onopang'ono ndi kheni yothirira mbewu. Madzi ake ndi ochepa kuposa amene anazolowera oumba zidina. Fumbatani dothi m'dzanja, muligwetse pansi polimba kuchokera pamtunda wa mita imodzi. Likamwazika ngati ufa, madzi achepa. Likangophwatalala osasweka, achuluka. Likasweka zidutswa zinayi kapena zisanu, ndiye lafika. Sakanizani zokhazo zimene muumbe lisanathe ola limodzi. Simenti ikanyowa siidikira kuti anthu akadye nsima.

Makona ogumuka amasonyezanso kuti m'chikombole munkathira dothi lochepa, kapena simunkalikankhira m'makona ndi zala musanatseke. Muyeso wothira m'chikombole ukhale umodzi nthawi zonse, ndipo wokoka chitsulo achifikitse pansi penipeni.

Tsopano pamene ambiri amagwera. SSB si chidina choti chiume padzuwa. Simenti imalimba ndi chinyezi, ndipo njerwa ikauma msanga pamwamba pake pamasanduka fumbi, n'chifukwa chake zanu zinasungunuka ndi mvula. Zikangotuluka m'makina ziyaleni pamthunzi, muzifunditse pepala la pulasitiki. Kuyambira mawa lake ziwazeni madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, zili zofunditsidwabe. Kenako zisanjeni, zimalize masiku 28 musanamangire. Pofuna kuziyesa, vikani njerwa zingapo m'madzi usiku wonse: yabwino imatuluka ndi makona ake, ndipo msomali sungaikande mozama. Zimene munaumba kalezo ziyeseni chimodzimodzi. Zolephera musamangire nyumba yogona anthu.

Pomanga, maziko akhale a miyala kapena mabuloko a simenti mpaka masentimita 20 kapena 30 pamwamba pa nthaka, muyale pepala lotchinga chinyezi, lotchedwa DPC, ma SSB ayambire pamenepo. Denga lituluke masentimita 60 kuti mvula isamamenye khoma. Matope omangira asakhale olimba kuposa njerwa: ndowa imodzi ya simenti ku ndowa 6 kapena 8 za mchenga yakwana.

Mpanda wanga wa mabuloko sunathe chaka koma wang'aluka malo atatu kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anzanga akuti mabuloko ndi choncho. Mayi wa ku Luwinga, Mzuzu

Mayi, mabuloko si choncho. Buloko la simenti limafota pang'ono pamene likuuma, ndipo likamangidwa lili laliwisi limafotera pakhoma n'kuling'amba. Oumba ambiri a m'mbali mwa msewu amagulitsa mabuloko a masiku atatu, pomwe amayenera kuthiriridwa sabata yathunthu n'kudikira masiku 28. Enanso amatambasula simenti. Thumba limodzi liyenera kutulutsa mabuloko a mabowo a masentimita 15 pakati pa 25 ndi 35, koma pali ena amafikitsa 50. Buloko lotero mukalipekesa ndi chala limayoyoka mchenga.

Mpanda wautali umafunanso malo opumira. Pa mamita 5 kapena 6 alionse pasiyidwe mpata woongoka wa sentimita imodzi kuchokera pansi mpaka pamwamba, pakhale zipilala, ndipo waya wolimbitsa khoma wa brickforce ayalidwe pa mizere iwiri kapena itatu iliyonse. Onani ming'alu yanuyo: ngati ndi yoongoka ndipo kukula kwake n'kofanana pamwamba ndi pansi, ndi kufota chabe, ndipo mmisiri angathe kuisandutsa mipata yopumira. Ngati ikuyenda mokhota ngati masitepe, kwina yotakata kwina yopyapyala, maziko akutitimira, ndipo kumata pulasitala n'kutaya ndalama mpaka injiniya aone pansipo.

Pogula mabuloko ena, funani oumbidwa ndi fumbi la kwale. Limagwira bwino, komanso mchenga wofukula m'mitsinje ya m'tauni ukugumula magombe ndi kufooketsa milatho.

Tchalitchi chathu chinamangidwa ndi amishoni cha m'ma 1920. Zaka zingapo zapitazo tinamata simenti m'mizere ya njerwa ndi kupaka penti wa oyilo m'munsi mwa khoma. Tsopano njerwa zikufumbutuka, simenti yokha ndiyo yatsala itatuluka, ndipo mkati mukutuluka zoyera ngati mchere. Ena akuti tipake pulasitala khoma lonse. Mkulu wa mpingo, Zomba

Bambo mkulu wa mpingo, pulasitala wa simentiyo muimitse kaye, chifukwa adzamaliza zomwe simenti yoyambayo inayamba.

Nyumba za nthawi imeneyo zinkamangidwa ndi njerwa zofewa zoumba pamalo pomwepo, ndipo poti simenti inkachokera kunja, matope ake ankakhala a laimu kapena a dothi. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene David Clement Scott anamanga ndi anthu a kuno pakati pa 1888 ndi 1891, njerwa zake zinaumbidwa ndi kuwotchedwa pamishoni pomwepo. Mandala House ya 1882 ndi yakale kuposa pamenepo. Makoma otere alibe DPC. Amamwa chinyezi kuchokera pansi ndi ku mvula, n'kuchitulutsa kudzera m'mizere ya matope, yomwe ndi yofewa kuposa njerwa. Mizereyo ndiyo imayenera kutha pang'onopang'ono, chifukwa kuibwezeretsa n'kosavuta.

Mutatseka mizere ndi simenti, madzi anasowa potulukira ndipo anayamba kudutsa m'njerwa. Madziwo amanyamula mchere wa m'nthaka. Akamauma, mcherewo umaundana mkati mwa nkhope ya njerwa n'kuisuwa. Penti wa oyilo anangokankhira chinyezi m'mwamba ndi mkati, ndiye zoyera mukuzionazo.

Musanagwire khoma, thanani ndi madzi. Konzani denga ndi magatala, mapaipi otsitsa madzi akathire mu ngalande yopita kutali. Dothi limene launjikana kukhoma lichotsedwe kuti pansi pakunja patsike kuposa pansi pamkati, maluwa obzala mogunda khoma asamuke, ndipo ngati munazunguliza khonde la simenti lomata kukhoma, dulani mpata wa masentimita 30 muthiremo miyala ing'onoing'ono. Khoma lochindikala limatenga miyezi kuti liume, choncho yambani mvula ikangotha.

Simenti ya m'mizere ichotsedwe ndi tchizulo chaching'ono ndi hamala yopepuka. Grinder isayandikire, imadya milomo ya njerwa. Pomwe simenti yagwira kwambiri moti ikuchoka ndi njerwa, isiyeni, idzamasuka yokha. Kumbani mzere kuya kowirikiza kawiri kukula kwake, kawirikawiri masentimita awiri kapena awiri ndi theka, sesani fumbi, nyowetsani. Matope ake ndi ndowa imodzi ya laimu womangira ku ndowa zitatu za mchenga wotsuka wokhakhala, popanda simenti ngakhale pang'ono. Laimu amawotchedwa kuno komwe, monga ku Balaka, koma samalani pogula: laimu wa m'munda ndi mwala wongopera ndipo sagwira. Laimu wa ufa muvikeni m'mgolo usiku wonse kapena kupitirira kuti akhale phala lolimba. Ngati mwapeza wamiyala wongochoka mu uvuni, amawira akathiridwa madzi ndipo amafuna kukhala m'dzenje milungu yambiri asanagwire ntchito. Onse awiri amaotcha khungu ndi maso, choncho magolovesi ndi magalasi asasowe. M'munsi monyowa onjezani theka la ndowa ya ufa wosefa wa njerwa zowotcha, umathandiza laimu kulimba pachinyezi.

Kanikizani matopewo mwamphamvu, m'magawo awiri ngati mzere ndi wakuya, ndipo athere mkati pang'ono osapaka pankhope ya njerwa. Akayamba kuuma agogodeni ndi bulashi yolimba. Laimu amalimba pang'onopang'ono ndi mpweya, kotero tchingani khoma ndi masaka a ziguduli onyowa kwa sabata, makamaka mu Okutobala. Yambani ndi kachigawo ka mita imodzi kuseri kuti mmisiri azolowere dzanja ndipo mpingo uone mtundu wake.

Njerwa zodyeka pang'ono zisiyeni. Yodyeka kwambiri itulutsidwe yokha, ndipo nthawi zambiri ingatembenuzidwe kuti nkhope yamkati iyang'ane kunja. Zosoweka zifunefuneni pa nyumba zakale zogumulidwa, za kukula ndi kufewa kofanana. Mabuloko kapena njerwa zolimba za makono zikalowa pakhoma lotere zimakankhira chinyezi ku njerwa zoyandikana nazo. Mchere uchotseni ndi bulashi youma, osautsuka, chifukwa madzi amaubwezera m'khoma. Penti wa oyilo apalidwe, m'malo mwake mupake njereza yopyapyala katatu kapena kanayi, kusiya tsiku limodzi pakati.

Nyumba zina zakale zili pansi pa lamulo la Monuments and Relics Act, ndipo kuzisintha popanda chilolezo ndi mlandu. Lemberani nthambi ya boma ya Museums and Monuments ntchito isanayambe, mutumize zithunzi za khoma lililonse momwe lilili lero, ndipo zina musunge m'mabuku a mpingo pamodzi ndi muyeso wa matope amene mwagwiritsa ntchito.