Lee Kuan Yew ndi Mahathir: anasiyana pati?

Achimwene, mwafunsa kuti pakati pa a Lee Kuan Yew a ku Singapore ndi a Mahathir Mohamad a ku Malaysia anachita bwino ndani, ndipo ena ayankha kale kuti a Lee anapambana chifukwa ankalamulira ndi dzanja lolemera. Pamenepo ine ndikukana. Nkhanzazo onse anali nazo. Mu 1963, a Lee ali nduna yaikulu, anthu oposa 100 anagwidwa osawazenga mlandu, ndipo pambuyo pake wandale wotsutsa boma, Chia Thye Poh, anakhala m'ndende zaka 23 osaonekera kukhoti. A Mahathir nawo mu 1987 anatsekera anthu oposa 100, chaka chotsatira mkulu wa majaji, Salleh Abas, n'kuchotsedwa. Chikhala kuti unyolo ndiwo umabweretsa chitukuko, bwenzi mayiko awiriwa ali pamodzimodzi.

Anasiyana pa mmene ankachitira ndi wakuba wa m'nyumba mwawo. Mu 1986 ofufuza za katangale anayamba kulondola Teh Cheang Wan, nduna yoona za chitukuko, amenenso anatsogolerapo bungwe lomanga nyumba za boma. Munthuyo anapempha kuti akaonane ndi a Lee. Iwo anakana, n'kunena kuti kafukufuku athe kaye. Teh anadzipha mu December chaka chomwecho. Ndi nkhani yomvetsa chisoni, koma nduna iliyonse inadziwa kuti kuyandikana ndi bwana sikupulumutsa munthu.

A Mahathir sitingawapeputse ayi. Dokotala ameneyu, yemwe analamulira kuyambira 1981 mpaka 2003, ndiye anayambitsa galimoto za Proton, ndipo nsanja za Petronas zinamangidwa m'nthawi yake. Chuma chitagwedezeka mu 1998 anakana ngongole ya IMF, n'kukhomerera ringgit, ndalama ya Malaysia, pa 3.80 ku dola imodzi. Ambiri anawaseka, koma dziko linadzuka. Tisaiwalenso kuti Singapore ndi mzinda chabe, pomwe Malaysia ili ndi midzi, alimi ndi zigawo ziwiri zolekanitsidwa ndi nyanja.

Vuto la a Mahathir linali kusakhulupirira wowalowa m'malo. A Lee anasiyira Goh Chok Tong mpando mu 1990 popanda phokoso, ngakhale kuti, tinene zoona, anakhalabe m'kabineti mpaka 2011 ndipo mwana wawo anadzatenga mpandowo mu 2004. A Mahathir anachotsa wachiwiri wawo, Anwar Ibrahim, mu 1998, ndipo Anwar anafika kukhoti diso lili lotupa atamenyedwa ndi mkulu wa apolisi. Kenaka a Mahathir anadzadana ndi Abdullah Badawi yemwe anamusankha okha kuti awalowe m'malo, n'kudananso ndi Najib Razak, amene anatenga mpandowo pambuyo pa Abdullah. Mu 2018, ali ndi zaka 92, anagwirizana ndi Anwar yemwe uja kuti agwetse Najib pa nkhani ya kubedwa kwa ndalama za 1MDB, thumba la chitukuko la boma. Anabwereradi pampando, koma zaka ziwiri zisanakwane boma linagwa. Pachisankho cha November 2022 a Mahathir analuza mpando wa phungu wa ku Langkawi mpaka dipoziti kupita, ndipo patangotha masiku ochepa Anwar analumbira kukhala nduna yaikulu.