Kwa mdzukulu wanga amene mnzake anatsogola ali mnyamata

Mnyamata wina wa ku Lilongwe wandilembera. Akuti mnzake wa ponda apa n'pondepo, amene anayamba naye limodzi sukulu ku pulayimale n'kudzachita naye lendi chipinda chimodzi atakula, anamwalira pangozi ya njinga yamoto ya kabaza ali ndi zaka 24. Papita miyezi isanu. Pamaliro anthu ankapepesa achibale ena amene sankadziwa n'komwe khomo la nyumba imene malemu ankagona, koma iye palibe anamugwira dzanja. Anzake akumuuza kuti mwamuna salira, zagwa zatha. Usiku amamulota. Akufuna kukaona manda koma sakudziwa ngati n'kololedwa, ndipo mayi a malemu akuwazemba chifukwa tsiku lina atakumana nawo pamsika anangomuona n'kuyamba kulira. Funso lake ndi lakuti: Agogo, kodi ine ndine ndani pamaliro a munthu amene si m'bale wanga?

Pepa, mdzukulu wanga. Pepa ndithu. Nawenso wafedwa, ngakhale dzina lako silinamveke pamene ankawerenga mbiri ya malemu.

Koma anthu aja usawasungire mangawa. Maliro ali ndi eni ake. Kwathu kuno kwa Achewa mawu omaliza amakhala ndi amalume a malemu, eni mbumba. Ndiwo amakagwada kwa mfumu kukanena kuti kwagwa zovuta, mfumu n'kuloza malo kumanda, adzukulu n'kukakumba. Chipepeso chimalembedwa m'kope n'kupita kwa akubanja osati chifukwa choti wina anayeza misozi yawo n'kupeza kuti ndi yambiri kuposa yako, ayi. N'chifukwa choti bokosi, galimoto yonyamula thupi, ufa ndi ndiwo zodyetsa chinamtindi chonse chija, ndiponso milandu yotsala anthu akabalalika, zonsezo zimagwera iwo.

Malo a bwenzi alipo, kungoti si apamphasa. Anamfedwa sitiwalola kugwira ntchito, timawakhazika pansi kuti alire. Nanga nkhuni awaze ndani? Madzi, mipando ya kutchalitchi, tenti, kuthamangira kuchigayo, kuchezera pamoto mpaka tambala woyamba, kusinthana mapewa ponyamula bokosi, zimenezi ndi za anzake a malemu ndi anansi. Ife amayi tikakhala m'nyumba ya siwa timaona kuti ndi mnyamata uti amene sanakhale pansi chifikireni, ndipo ngakhale sitinena, sitimuiwala. Paja maliro n'kulirana. Ngati unachita zimenezi, mnzako unamuika m'manda mwaulemu wonse umene mwambo umapatsa bwenzi.

Ndikhoteko pang'ono ndilankhule ndi anzako onse, chifukwa pali zimene mukuchita masiku ano zondinyansa. Uthenga wa maliro uli ndi njira yake. Kale ankatuma munthu wapanjinga, ndipo iye sankalunjika kwa mayi wobereka. Ankafikira kwa amalume kapena kwa mfumu, amayi anzake a mayiyo n'kuyamba asonkhana kaye, kumukhazika pansi, kenako n'kumuuza ali pakati pawo. Lero munthu akangotsirizika kuchipatala, mnzake watulutsa kale chithunzi pa Facebook ndi pa WhatsApp, mayi n'kumva za imfa ya mwana wake kwa mwana wa neba ali pamzere wa pamjigo. Amene mumajambula thupi pamalo angozi kapena nkhope m'bokosi, ndiye sindikudziwa kuti munaleredwa kuti. Dikirani akubanja alengeze, inu muzibwera pambuyo. Za malaya osindikiza nkhope ya malemu sindiletsa, bola mupemphe kaye kwa eni maliro, ndiponso ndalama za malayawo zisapose zimene mwaponya m'mbale ya chipepeso. Mdipiti wa njinga zamoto poperekeza mnzanu nawo ndi ulemu, koma mukafika pamene ayala masamba pamsewu, phokoso lithe. Pamenepo wanjinga amatsika, wagalimoto amazimitsa wailesi, wachipewa amavula. Mowa nawonso uzitsala kunyumba.

Tsopano za kulira. Amene akukuuza kuti mwamuna salira sanakhalepo pamaliro akumudzi. Kwathu ndaona madoda a imvi akufika pasiwa, n'kuima pakhomo, n'kulira mokweza asanakakhale ndi amuna anzawo pansi pa mtengo, ndipo palibe anawaseka. Ngati ndiwe wopemphera ukudziwanso kuti Yesu analira pamanda a Lazaro, amene sanali m'bale wake koma bwenzi.

Ife a msinkhu wanga imfa ya achinyamata tinaiona mokwanira. M'zaka za m'ma 1990, Edzi itafika poipa, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, tinkachoka kumanda kuno n'kumva kuti uko nakonso kwagwa zovuta. Akalipentala anasiya kukhoma mipando n'kuyamba mabokosi. Makolo ankaika ana amene ankayembekeza kuti adzawaika iwo. Nthawi imeneyo ndinaona anyamata ambiri otsala, anzawo a malemu. Amene ankalira n'kumakamba za mnzawo ankabwerera pang'onopang'ono kumunda ndi kuntchito. Amene ankauma m'maso n'kumati ife ndife amuna, ambiri tinkawapeza kokachasu m'mawa dzuwa lisanakwere.

Makolo athu ankadziwa kuti chisoni sichitha tsiku loika maliro. N'chifukwa chake Achewa ankameta kawiri: koyamba patangopita masiku ochepa, kachiwiri patapita miyezi yambiri, mwina mpaka chaka, pamene ankafulula mowa n'kumasula anamfedwa. Abale athu Achisilamu amachita sadaka pakatha masiku 40. Akhristu ambiri amadikira chaka kapena kuposerapo kuti amange chiliza. Iwe wangotha miyezi isanu, ndiye wina azikuuza kuti wachedwa kuiwala?

Maloto asakuopse. Munthu amene unkagawana naye mbale imodzi ndi bulangete limodzi sangachoke m'mutu mwako chifukwa choti adzukulu akwirira dzenje. Akuluakulu akale ankati mzimu umakhala usanakhazikike, abusa ako adzakuuza zina, koma onsewo agwirizana kuti kulota mnzako si mlandu. Chimene ndikukuletsa ndi kunyamula malotowo kupita nawo kwa sing'anga kapena kwa mneneri wofuna ndalama, amene adzakuuze kuti ngoziyo inali yotumizidwa. Wachinyamata akamwalira mwadzidzidzi, mitima imafuna munthu womuloza chala, ndipo chalacho nthawi zambiri chimagwera nkhalamba ngati ine. Mu Januwale 2016 ku Neno, mtsikana wa zaka 17 atamwalira ndi mphenzi, anthu anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anatuma mphenziyo. Maliro amodzi anasanduka asanu. Lamulo la dziko lino lokhudza ufiti, la mu 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Ngati ukufuna chochita ndi mkwiyo wako, uwauze anzako a kabaza azivala zipewa zodzitetezera ndiponso asamakweze anthu atatu panjinga imodzi.

Kumanda ungathe kupita, koma osati mozemba. Ngati anaikidwa kumudzi, manda ndi a mfumu, ndipo munthu wopezeka yekha m'msitu umenewo amamuganizira zoipa, mwinanso kumulipiritsa. Ukauze amalume ake, iwo akapemphe kwa mfumu, akupatse munthu wokuperekeza. Midzi yambiri ili ndi tsiku lolambula kumanda m'chilimwe, ndipo ukabwera ndi khasu lako tsiku limenelo palibe angakufunse kuti ndiwe mwana wa yani. Akatolika amakumbukira onse amene anatisiya pa 2 Novembala. Ngati anaikidwa m'tauni, monga kumanda a ku Area 18 amene amayang'aniridwa ndi khonsolo ya mzinda, zipata n'zosavuta, komabe akubanja adziwe, kuti asadzapeze nkhata yatsopano pamtumbira n'kuyamba kudabwa kuti waika ndani. Uthokoze kuti pali mtumbira woti ukauone. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche kupita ku Chilobwe mu Malichi 2023, anthu oposa 1,000 anafa m'dziko muno, ndipo alipo ambiri amene mpaka lero sadziwa pamene mnzawo anagona.

Chinthu chimodzi ndikuuze mosapita m'mbali. Ukaona kuti masabata akudutsa tulo osabwera, nsima osalowa, ntchito yakukanika, kapena maganizo akukunong'oneza kuti umutsatire mnzako, usadikire kuti kuche kawiri. Uza munthu wamkulu amene umamukhulupirira tsiku lomwelo, ndipo mupite kuchipatala. Zipatala za m'maboma zili ndi ogwira ntchito oona za matenda a maganizo, a St John of God ali ku Lilongwe konko ndi ku Mzuzu, ndipo ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha boma cha matenda amenewa. Kupita kumeneko si misala.

Koma nkhani yaikulu m'kalata yako, kwa ine, ndi ya mayi aja ukuwazembawo. Apa ndiye ndikudzudzule, mdzukulu wanga, ngakhale ndikudziwa kuti ukuchita zimenezi powamvera chisoni.

Iwe sudziwa mmene pakhomo pa namfedwa pamakhalira anthu akabalalika. Sabata yoyamba pamakhala piringupiringu. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika kapena a kumphakati amabwera kudzaimba, achibale akutali amakhala asanapite. Mwezi ukatha, tenti anachotsa kalekale, mapoto obwereka anabweza, ndipo pakhomo pamangoti zii. Anthu akamuona mayiyo akubwera pamsewu amasintha nkhani, dzina la mwana wake palibe amalitchulanso, ngati kuti sanabadwe n'komwe. Ndakhalapo ndi amayi otere. Wina madzulo aliwonse ankapezeka waomola mitanda ya nsima yofanana ndi kale, n'kuima ndi chipande m'manja akuyang'ana mbale yotsalayo. Chimene chinkamupweteka kwambiri sichinali mbaleyo ayi, koma kuti anyamata amene ankadzaza pakhonde pake masiku onse, kudya nsima yake n'kumamutchula kuti amayi, onse anangoti zii tsiku limodzi ndi mwana wake. Anataya mmodzi, koma pakhomo panachoka asanu.

Mayi aja analira atakuona chifukwa mwa iwe anaona msinkhu wa mwana wawo, mayendedwe ake, mwinanso malaya amene munkabwerekana. Misozi imeneyo sunaibweretse ndiwe, inalipo kale, inkangosowa woilandira. Pita. Usapite chimanjamanja, kapaketi ka shuga kapena sopo n'kokwanira. Ukafika ukhale pansi, upereke moni, ndipo akayamba kulira usadzuke kuthawa, usayambenso kulalikira kuti chinali chifuniro cha Mulungu. Mawu amenewo anawamva kokwanira. Ungokhala. Ukafuna kulira nawo, lira.

Adzakufunsa mafunso amene sangafunse wina aliyense. Kodi tsiku limenelo anadzuka bwanji? Anadya? Ananenapo chiyani za ine? Uyankhe zoona, koma za mabala ndi magazi uzisunge, ngakhale ataumirira. Uwauze zimene iwo sankazidziwa: mmene ankaphikira nsima yamadzimadzi masiku oyamba a pa lendi, mmene ankasungira ndalama zoti adzawagulire chitenje pa Khirisimasi, nthabwala zake. Udzaona akuseka misozi ili m'masaya. Potchula mnzakoyo utsatire iwo. Akamati malemu nawenso uziti malemu, akamatchula dzina nawenso tchula. Zithunzi zimene zili m'foni mwako, sankhapo zabwino ukatsukitse uwapatse zogwirika m'manja, chifukwa anthu a msinkhu wathu chithunzi timafuna kuchiika m'Baibulo kapena pakhoma.

Zinsinsi za mnzako zipite nawe kumanda ako. Zibwenzi zake, zolakwa zake za unyamata, si za pamowa ndipo si za mayi ake. Kupatulapo ziwiri. Ngati anasiya mwana kapena pathupi penapake pamene akubanja sakudziwa, ukauze amalume ake mwakachetechete, chifukwa mwanayo ndi magazi awo ndipo sayenera kukula wosadziwa kwawo. Ndipo ngati unali ndi ngongole kwa iye, kapena ukusunga katundu wake, kaya ndi foni, kaya ndi ndalama za kuchipereganyu, ukapereke. Paja pamaliro amalengeza kuti amene ali ndi ngongole ndi malemu akaonane ndi akubanja, koma ambiri amabwera ndi zimene malemu anawakongola, zimene iwo anakongola kwa malemu n'kukhala chete.

Usalonjeze kuti ulowa m'malo mwake. Anyamata amakonda kunena zimenezi pamaliro mtima uli wofewa, kenako akakwatira n'kusowa, mayi uja n'kufedwa kachiwiri. Lonjeza zazing'ono zimene ungathe: kudzafolera denga mvula isanagwe, kudzathandiza kukolola, kumufunsa mng'ono wake za sukulu n'kumugulira makope ukapeza kangachepe. Potsanzika unene tsiku limene udzabwerenso, ndipo likafika ubweredi, ngakhale ulibe chonyamula.

Nthawi ya chiliza ikadzayandikira, usonkhanitse anzanu aja munkacheza nawo pakhonde. Musonkhe zimene mungathe, kaya ndi thumba la simenti, kaya ndi ndalama, mukapereke kwa amalume ake pamaso pa mboni, ndipo tsiku lomanga mudzabwere kudzaponda matope ndi kutunga madzi. Koma tsiku lovundukula ndi mawu olemba pamwalapo asankhe okha akubanja, ngakhale mutakhala kuti ndalama zambiri mwapereka ndinu.