Mlombwa suyenera kuthera mu utuchi

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, amene ayamba kumene kukhoma timabokosi tosungiramo ndolo ndi mikanda. Akufuna matabwa opyapyala, a mamilimita 8 kapena 9, koma ali nawo ndi a mlombwa a inchi imodzi, ndipo bandsaw, makina ochekera matabwa okhala ndi macheka onga lamba, alibe. Atapita kwa a makina anauzidwa kuti angolowetsa thabwa mu pulena mpaka lipyapyale. Akufunsa ngati palibe njira ina.

Ilipo, achimwene. Koma mundilole ndiyambe ndi langizo munapatsidwalo, chifukwa landipweteka mtima.

Thabwa la inchi imodzi ndi mamilimita 25. Mukalipala mpaka 8, mamilimita 17 apita pansi, oweta nkhuku adzaola m'matumba kukayala m'khola. Magawo awiri mwa atatu a thabwa! Ndipo si paini ayi, ndi mlombwa, mtengo wokula mochedwa kwambiri, woti amene anauona ukumera sadzauona ukuchekedwa. M'thabwa limodzilo muli matabwa awiri okwana ntchito yanu, ndipo mukalitsegula ngati buku, mizere ya mbali ziwirizo imayang'anana, chivundikiro cha bokosi n'kukongola popanda kuchita kuchikometsera.

Malume anga anali ocheka matabwa pa dzenje. Chipika chinkagona pa mitanda, iwo pamwamba, mnzawo pansi utuchi ukumuthothokera m'maso. Asanayambe ankaviika chingwe m'makala osinja othira madzi, n'kuchikoka kuchokera nsonga ino kufika nsonga ina, n'kuchithwanula kuti chisiye mzere wakuda. Chimene ndinkadabwa nacho ndili mwana n'chakuti m'mawa wonse unkathera pa kunola. Ankakhala pa chitsa, macheka atawapanikiza mu mng'alu wa mtengo, tupa ikulira pa dzino lililonse, kenako n'kumapinda mano, ili kumanja ili kumanzere, kuti macheka asamagwidwe m'thabwa. Ndikatopa kudikira ankandiuza kuti amene amacheka ndi tupa, mikono imangoperekeza. Magetsi kunalibe, koma matabwa awo ankatuluka oongoka moti akalipentala ankachita kuwalimbirana.

N'chifukwa chake ndimakana ndikamva anyamata akunena kuti popanda makina ntchito siitheka. Vuto si kusowa bandsaw. Vuto n'lakuti tinasiya kunola. Masowo ambiri odzadza m'mashopu a hadiweya m'tauni muno ali ndi mano oumitsidwa, akuda kunsonga, oti tupa imangoterereka, ndipo akabuntha ndi otaya. Komanso ambiri ndi odulira mopingasa, mano ang'onoang'ono othithikana. Munthu akayesa kung'amba nawo thabwa m'litali amatuluka thukuta ola lathunthu, n'kugamula kuti sizitheka. Sowo yong'ambira ndi ina: mano akuluakulu, anayi kapena asanu pa inchi, onoledwa molunjika kuti aziseula mtengo m'malo moudula. Ngati mwaipeza yakale ya dzimbiri kwa ogulitsa zitsulo mumsika, igulen i musanyinyirike, imeneyo idzakukalambitsani.

Ndipo ife a ku Mzuzu sitiyenera kuchita kuuzidwa za kuwononga mitengo. Chikangawa, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 53,000, inadzalidwa kuti idzadyetse fakitale ya mapepala imene sinamangidwe n'komwe. Tinkaona ngati paini sadzatha. Lero mukakwera basi pa msewu wa M1 kulowera ku Mzimba mudziwonera nokha mapiri a zitsa. Ngati paini wochita kudzala anatha chonchi, nanga mlombwa ndi mbawa zomera zokha? Kwa ine, kalipentala wopala thabwa labwino mpaka theka chifukwa chothawa sowo ndi mnzake wa wotentha tchire, ndipo pamenepa sindibweza mawu.

Kachekedwe kake

Yambani mwapala nkhope zonse ziwiri ndi m'mphepete kuti zikhale sikweya. Dulani thabwa m'zidutswa zazifupi malinga ndi bokosi lanu, chifukwa chachifupi sichivuta kung'amba. Lembani mzere wapakati ndi geji, kachipangizo kolembera mzere motsatira m'mphepete mwa thabwa, kuzungulira mbali zonse zinayi. Panikizani pa vayisi mopendeketsa, yambani pa kona, chekani motsatira mizere iwiri imene mukuiona, kenako tembenuzani thabwa muyambire kona inayo. Muzitembenuza pafupipafupi, sowo imasochera mbali imene simukuiyang'ana. Ikayamba kugwidwa, khomani kamphero kakang'ono mu mng'alu ndipo pakani kandulo pa sowo.

Ngati mungapeze makina ochekera a tebulo ku Luwinga kapena kwa mnzanu, ntchito imachepa. Imikani thabwa cha m'mphepete, chekani pang'onopang'ono, sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka ulendo uliwonse, mbali zonse ziwiri, nkhope imodzi yomweyo ikutsamira fensi, chotsamiritsa thabwa pa makinawo, nthawi zonse. Musamalize ndi makinawo. Siyani kamlatho pakati, mudzakadule ndi sowo ya manja, n'kusalaza ndi pulena. Thabwa likagawikira pa makina limatha kupana mpeni n'kukubwererani pachifuwa, ndipo zala zanu zisayandikire, kankhani ndi kamtengo. Mpeni wa makina umadya mamilimita atatu, choncho mutsala ndi matabwa awiri a 10 kapena 11, okwana bwino kupala mpaka 8.

Chimene chimagwetsa ulesi ambiri chimabwera mawa lake. Mumapeza timatabwa tija tapindika. Si kuti mwacheka molakwa. Mkati mwa thabwa mumakhala monyowa kusiyana ndi kunja, makamaka kuno kumene chifunga ndi mvula sizitipatsa mpata, ndiye mukalitsegula mbali yatsopanoyo imauma n'kukoka. Mukangomaliza kucheka, sanjikizani matabwawo m'nyumba, osati pa simenti kapena padzuwa, muike timitengo tofanana pakati pawo kuti mphepo izidutsa, pamwamba mutsindike ndi njerwa. Asiyeni sabata imodzi musanawapale komaliza, ndipo popala muchotse mofanana mbali zonse ziwiri.

Yambani kuphunzirira pa zidutswa za paini musanakhudze mlombwa wanuwo. Ngati kunola sowo kukukuvutani, ndilembereni, tipangane Loweruka mubwere nayo pamodzi ndi tupa ya makona atatu.