Mabuku osiya mtima m'malere a ana a Fomu 3: yankho kwa Madamu a ku Ndirande

Madamu, mwafunsa mabuku a nkhani zosiya mtima m'malere, zija za upandu, ukazitape ndi zinsinsi, oti muwerenge ndi ana anu a Fomu 3 amene mukuti buku lililonse amaliona ngati chibalo. Mwanenanso kuti kalasi ndi yodzadza ndipo sukulu ilibe ndalama yogulira mwana aliyense lake. Inenso ndimaphunzitsa Chingerezi konkuno ku Blantyre, ndiye ndiyankha monga mnzanu wa choko.

Musavutike ndi zopeza mabuku ambiri. Limodzi lokha likwanira, bola likhale la mitu ifupiifupi. Pa mphindi 40 za phunziro, sungani 10 zomalizira, muwawerengere mokweza nokha, ndipo mukafika pamene chitseko chayamba kutseguka, tsekani buku. Adzakuwa kuti "Madamu pitirizani!" koma inu musagonje, ngakhale akulonjezeni kusesa m'kalasi sabata yonse. Mawa lake, musanatsegule, aliyense alembe ziganizo zitatu: akuganiza kuti wolakwa ndani, umboni wake ndi wotani, nanga chichitike n'chiyani. Mwana amene amakana kulemba chimangirizo amalemba izi mosakakamizidwa, chifukwa akufuna kuposa mnzake wa pa desiki. Ndipo kupereka yankho n'kulitsimikiza ndi umboni wa m'buku ndi luso lomwelo limene a MANEB amafuna pa mayeso a MSCE.

Tsono mabukuwo. Ine ndingayambe ndi Pacesetters, timabuku tija a Macmillan anayamba kutulutsa mu 1977. N'tating'ono tolowa m'thumba, Chingerezi chake n'chosavuta, ndipo anthu ake ndi a kuno ku Africa, okwera basi ndi kudandaula za lendi ngati ife. Funani The Smugglers la Kalu Okpi wa ku Nigeria, kapena The Equatorial Assignment la David Maillu wa ku Kenya, momwe muli kazitape wotchedwa Benni Kamba 009. Anyamata akumbuyo aja amene amangosinza, pa limeneli amadzuka.

Ngati mungapeze buku la Aubrey Kalitera, musalisiye. Mkuluyu ankalemba ndi kusindikiza yekha mabuku ake konkuno ku Blantyre pansi pa dzina la Power Pen Books.  Komabe muyambe mwaliwerenga nokha, pakuti mabuku ake ambiri ndi a zachikondi za akuluakulu, ndipo masamba ena mungafune kuwadumpha.

Akunja alipo atatu amene ndimawakhulupirira. Stormbreaker la Anthony Horowitz, la mu 2000, ndi la mnyamata wa zaka 14, Alex Rider, amene akukakamizidwa kukhala kazitape amalume ake atamwalira modabwitsa. Limathamanga, silitaya nthawi. One of Us Is Lying la Karen McManus, la mu 2017, ndi la ana asanu a sekondale amene atsekeredwa m'kalasi pa chilango, mmodzi n'kumwalira, ndipo anayi otsalawo aliyense ali ndi chobisa. Atsikana amalikonda kwambiri, koma muli za zibwenzi, mankhwala ozunguza bongo komanso kudzipha, ndiye kambiranani kaye ndi ahedi. Kholo likamva nkhani yotere kuchokera kwa mwana, imafika itasintha kale. Lachitatu ndi And Then There Were None la Agatha Christie, la mu 1939: anthu 10 pa chilumba, akufa mmodzimmodzi, wakupha ali pakati pawo. Pa limeneli lembani mayina onse pa bolodi, muzifufuta limodzi munthu akafa. Chingerezi chake n'chachikale pang'ono, choncho musayambire pamenepo.

Mabuku a upandu a James Hadley Chase aja amapezeka paliponse, ndipo ambiri a ife tinakulira omwewo, kuwerenga mobisa pansi pa desiki. Koma m'kalasi ayi. Momwe amalembera za akazi simungaziwerenge mokweza pamaso pa ana a eni.

Musaiwalenso Chichewa. Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe ndi nkhani ya m'bale kupha m'bale wake, kenako mbalame n'kumaimba poyera zimene wakuphayo akufuna kubisa. Ana amadziwa kale wolakwa, chowasowetsa mtendere n'chakuti agwidwa liti. Gwirizanani ndi mphunzitsi wa Chichewa, ana afanizire nkhaniyi ndi ya Macbeth wa m'sewero la William Shakespeare, amenenso akuvutika ndi magazi amene anakhetsa. The Pearl la John Steinbeck nalonso kumapeto kwake ndi liwiro lokhalokha, Kino ndi banja lake akuthawira kumapiri, anthu atatu akuwalondola. Mwana amene wazolowera kufunsa kuti "kenako chichitike n'chiyani" akafika pa mabuku a mayeso amenewa saona ngati nkhani yachilendo.

Kopeza: yambani ku laibulale ya National Library Service m'tauni, mufunse ngati angabwereke sukulu. Yendaninso kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa misewu ya m'tauni ndi ku Limbe, kumene Pacesetters amatulukira mwa apo ndi apo. Musanalipire, tsegulani kumapeto muone ngati masamba omaliza alipo, chifukwa buku lotere likasowa tsamba lomaliza, ana akuimbani mlandu ndinu. Mukagula likuteni ndi pulasitiki, ndipo musalibwereketse kunyumba mpaka mutamaliza kuwerenga ndi kalasi yonse, apo ayi Lolemba m'mawa aliyense adzakhala akudziwa kale amene anapha.