Kodi boma lili nalo thumba la aluso? Yankho kwa mchemwali wa ku Zomba

Ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Zomba amene akutsogolera kagulu ka zisudzo. Akufunsa ngati boma lili ndi ndalama zothandizira aluso, ndiponso khomo loti akagogode. Achemwali, mwandiponda pachilonda.

Inenso ndinali m'gulu la zisudzo ndili mnyamata. Tinkayeserera m'kalasi ya pulaimale ana akaweruka, madesiki titawakankhira kukhoma, mlonda akutiwerengera dzuwa. Zovala zinali za pakaunjika, ndevu za nkhalamba tinkamata thonje. Tsiku la sewero ndalama za pakhomo zinkayamba zalipira holo, kenako mwini zimkuzamawu, mafuta a jenereta, ndi lole yomwe yatinyamula. Zotsalazo zinkangokwana tchipisi cha pachiwaya. Ndiye tsiku lina kunabwera bwana wina wandale, anaseka mpaka misozi, n'kuimirira kulonjeza ndalama pamaso pa anthu. Envelopu inabweradi, koma inabwera ndi uthenga wakuti tikasewere pamsonkhano wake, ndipo phungu wakuba uja wa m'sewero lathu achokemo. Mtsogoleri wathu anamuchotsa phunguyo, sewero n'kutsala lopanda mchere.

N'chifukwa chake ndikamva woimba akuthokoza pawailesi kuti bwana wakutiwakuti wamukumbukira, ine mtima umandiwawa. Chimenecho si chithandizo cha boma, ndi kugulidwa. Ndipo matendawa ndi akale. Nthawi ya Kamuzu magule ankapatsidwa malole ndi nsalu kuti akatamande mtsogoleri, pomwe lamulo la 1968 linkapatsa bungwe lopima zisudzo ndi mabuku mphamvu yotseka pakamwa aliyense woyankhula zina.

Chimene tinkasowa ndi bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo, lolandira gawo lake m'bajeti chaka ndi chaka, logawa ndalama mosayang'ana mtundu wa nsalu yomwe munthu wavala. Amasewero olimbitsa thupi ali nalo lawo, Malawi National Council of Sports, kuyambira 1974. Anzathu a ku Zambia lamulo lokhazikitsa khonsolo ya zaluso analipanga mu 1994. Ife ndondomeko ya dziko ya zachikhalidwe tinaiona mu 2015, ndipo bilo ya khonsolo ya zaluso, ija timangoti NAHEC, aphungu anaivomereza mu 2024, aluso atalira mpaka mawu kusasa. Zaka zonsezo nthambi ya zachikhalidwe inkangosamutsidwa, lero ili ku unduna wa zokopa alendo, mawa wa achinyamata, mkuja wa maboma aang'ono. Kwa nthawi yaitali mabungwe a oimba, alembi ndi azisudzo ankapumira ndalama za dziko la Norway, zomwe zinkadzera ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso. Tangoganizani, Gule Wamkulu ndi Vimbuza zinalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, timanyadira pamaso pa alendo, koma wolipirira ofesi ya aluso anali mzungu wa ku Oslo.

Ndisaiwale za malo. French Cultural Centre ku Blantyre ndi kumene azisudzo ambiri anakulira. Afalansa atachoka cha m'ma 2011, boma linatenga malowo n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre, koma akuba anali atawasasula, ndipo kukonza kwake kunatenga zaka zambirimbiri. Mukandifunsa ine, boma likanangomanga holo imodzi yabwino m'boma lililonse, ya siteji, magetsi ndi mipando, yobwereka pamtengo woti kagulu ngati kanu kangakwanitse, bwenzi litachita zoposa masemina onse a m'mahotela a kunyanja. Waluso safuna kudyetsedwa. Akufuna poonetsera ntchito yake osagulitsa mbuzi ya amayi ake.

Nanga inu mutani?

Pali khomo limodzi lenileni. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 linabweretsa msonkho wa pa zipangizo zosungira nyimbo ndi makanema, monga mafoni ndi mafulashi, ndipo gawo lina la ndalamazo limalowa mu Copyright Fund, thumba lomwe limathandiza ntchito za aluso. Dziwani kuti imeneyo ndi ndalama ya anthu ogula mafoni, n'chifukwa chake sindikonda nduna ikamaima pamwambo wopereka macheke ngati yapatula m'thumba mwake.

Lembetsani masewero anu ku COSOMA, lowani m'bungwe la azisudzo la NTAM, gulu lanu likhale ndi malamulo olembedwa ndi akaunti yakubanki yosainira anthu awiri kapena atatu. Oyendetsa thumbalo akalengeza kuti akulandira makalata ofunsira, pemphani pa ntchito imodzi yooneka, monga kuzungulira ndi sewero m'masukulu a sekondale a ku Zomba ndi Machinga, bajeti yake yomveka. Ndalama zikatuluka musunge lisiti lililonse, ngakhale la kabaza, chifukwa adzakufunsani lipoti.