Musafomate laputopu achimwene, kernel yakale ikadalimo

Achimwene a ku Chikanda, ndawerenga funso lanu. Mwati mutapanga update Ubuntu 22.04, mtundu wa Linux womwe uli pa laputopu yanu, kadongo ka Wi-Fi kasiya kugwira ntchito, ndipo mukafuna kuikanso driver yake, pulogalamu yoyendetsa kadongoko, ikulemba kuti "Bad return status for module build on kernel 6.8". Anzathu ena pamwambapa akuti mungofomata. Chonde musatero. Muwononga bandulo ndi tsiku lonse, kenako update yoyamba idzakubwezerani pomwepa.

Laputopu yanu ilibe vuto. Ubuntu 22.04 inatuluka ndi kernel 5.15 (kernel ndiye mtima wa Linux, womwe umalankhula ndi zipangizo), koma ya pa desktop imasunthira yokha ku ma kernel atsopano otchedwa HWE: 5.19, 6.2, 6.5 mpaka 6.8. Opanga Linux amasamala kwambiri kuti mapulogalamu wamba asasokonezeke, koma zam'kati mwa kernel amazisintha akafuna. Ndiye driver yomwe munakopera pa GitHub, yolembedwa nthawi ya 5.15, ikuitana function yomwe inasinthidwa dzina kapena inachotsedwa. DKMS, pulogalamu yomwe imamanganso ma driver kernel ikasintha, imayesa kuimanganso pa kernel yatsopano, n'kulephera.

Choyamba, bwezani Wi-Fi lero lomwe. Poyatsa laputopu dinani Esc, kapena gwirani Shift ngati ndi makina akale a BIOS, mpaka GRUB, menyu yosankhira kernel, ituluke. Lowani pa "Advanced options for Ubuntu" musankhe kernel yomwe munali nayo kale. Nthawi zambiri imakhalapobe pamodzi ndi driver yake.

Mukalowa, m'pamene mufufuze. Mzere munatumizawo sukunena chifukwa, ukungolengeza maliro. Chifukwa chili mu make.log, pansi pa /var/lib/dkms/, mufoda ya driver yanu, kenako version yake, kenako build. Anthu ambiri amathamangira pansi pa fayilo, pamene pali "Error 2" basi. Ayi, yambirani pamwamba, mupeze mzere woyamba wokhala ndi mawu oti error. Enawo amangotsatira.

Ikamadandaula kuti /lib/modules/.../build kulibe, ndiye ma header, mafayilo a kernel ofunika pomanga driver, akusowa, ikani linux-headers a kernel imeneyo. Ikatchula gcc-12, nkhani ndi yakuti 22.04 imabwera ndi gcc 11, pulogalamu yomangira driver, pomwe kernel 6.8 inamangidwa ndi 12. Lamulo la cat /proc/version likuonetsani zimenezi, ndipo sudo apt install gcc-12 imathetsa. Koma mukaona "implicit declaration of function" kapena "incompatible pointer type", driver yakalamba. Pamenepo musalimbane nayo. Pali ena amatsegula Makefile n'kufufuta mzere woona version, kapena kuzimitsa machenjezo. Ine sindigwirizana nazo, chifukwa driver imagwira ntchito m'kati mwenimweni mwa kernel, ikalakwitsa imaumitsa makina onse.

Zinandichitikira kuno ku Matawale. Ndinakakamiza driver yotere, inamangika bwinobwino, ndinasangalala. Usiku ndikulemba lipoti la kuntchito, ndangolowetsa kadongo, sikirini inauma, kagetsi ka Caps Lock kakungophethira. Masamba atatu anapita.

Njira zabwino ndi ziwiri. Lembani lsusb muone chip yomwe ili m'kadongomo, chifukwa dzina la pabokosi silithandiza, mufufuze driver yokonzedwera 6.8. Mwinanso kernel yatsopano ili nayo kale driver yake, ndipo yanu yakaleyo ikungotchinga njira. Ikatero ichotseni ndi dkms remove. Kapena, ngati laputopu ndi yakale ndithu, bwererani ku 5.15 ndi sudo apt install linux-generic, kenako muziisankha pa "Advanced options" paja poyatsa. Imeneyo ikulandirabe zigamba za chitetezo mpaka April 2027, sikuti mwatsalira.

Za intaneti yokopera zonsezi, lumikizani foni ndi chingwe muyatse USB tethering, imagwira popanda kuika chilichonse. Ndipo onetsetsani kuti batire yadzaza musanayambe. Magetsi akathima apt ili pakati poika mapulogalamu, yambani ndi sudo dpkg --configure -a musanachite china.

Tumizani pano zotuluka pa uname -r, lsusb ndi dkms status, komanso mizere khumi yozungulira error yoyamba ija. Ikopereni ngati mawu, osati chithunzi cha pafoni, kuti tithe kuwerenga bwino. Ndidzayang'ananso madzulo ndikaweruka.